Ndinalapa koma chikwapu sichikutha, thandizeni maganizo

Adimini: Mwaswera bwanji abale. Uthenga uwu wanditumizira kumbali m'bale wathu wina wa pagulu pompano, wapempha kuti ndisatchule dzina. Werengani mpaka kumapeto musanayankhe, ndipo chonde osayamba zofufuza kuti ndi ndani, mayankho ake azidzera kwa ine.

Mwini nkhani: Adimini ndibiseni dzina. Ine ndinali msungichuma wa komiti ya zomangamanga pa tchalitchi chathu, katchalitchi ka kumudzi anthu sitikwana ndi 200 omwe. Njerwa tinaumba tokha kuotcha tokha, makoma anakwera mpaka pamwamba chinatsala ndi denga basi. Akhristu anasonkha zaka ziwiri, ena chimanga ena nkhuku, kuli gogo wina anagulitsa mbuzi yake imodzi yomweyo n'kubweretsa ndalama itamangidwa pa nsonga ya chitenje, mfundo yake ndinamasula ndine ndi mano chifukwa anamanga molimba. Mu Okutobala 2023 ndinatapako K600,000 osauza munthu, maganizo anga anali oti ndikaode mabelo a kaunjika ku Limbe ndigulitse pofika Khirisimasi ndibweze palibe angadziwe. Mabelo awiri anatuluka zisanza zokhazokha, ndalama ina inalowa ku fizi ya mwana, kenako mu Novembala muja kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti malata kukwera mtengo. A komiti atati tiyeni tikagule msanga asanakwerenso ndinayamba kuzemba, foni kuthimitsa, Lamulungu kunamizira mutu. Dzinja lonse lija anthu anapemphera pansi pa lona, mvula ikalimba azimayi kuthawira pakhonde la sukulu, mabenchi anafufuma onse. Gogo wa mbuzi uja anamwalira mu Febuluwale denga asanalione, ndipo ndi pa maliro akewo pomwe ndinalephera kupirira, ndinapita kwa abusa usiku womwewo n'kuulula zonse. Anandiimitsa Mgonero, udindo anandichotsa, ndikubweza K30,000 pamwezi pano yatsala K150,000. Ndinalapa ndi misozi ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira. Koma abale chikwapu sichikutha. Mkazi wanga ku gulu la amayi akamatolera zopereka mbale samupatsa kuti agwire, ana anga kusukulu akuwaitana kuti ana a malata. Ndiye mwezi watha kamwana kanga komaliza kadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, tagona kuchipatala masiku 6, mayi wina wa mumpingo kubwera kudzazonda n'kunena pamaso pa mkazi wanga kuti mwanayu akulipira malata a Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo tulo sindikulipeza. Zoona Mulungu angakanthe mwana wa zaka 4 chifukwa cha ine? Nanga ngati anandikhululukira bwanji zonsezi zikunditsatabe?

Wakabaza wa pa Lunzu: Eish pepani achimwene. Tisanapite patali mwanayo pano ali bwanji?

M'bale wa Pente: Ine sindinyengerera abale, ndalama ya kachisi sadya. Werengani Yoswa 7. Akani anangotenga chovala chimodzi chokongola, masekeli 200 a siliva ndi kachidutswa ka golide n'kukwirira mu hema mwake, munthu m'modzi, koma ku Ai kunafa amuna 36 osadziwa kanthu, ndipo pa chigwa cha Akori sanapite yekha anapita ndi ana ake ndi ng'ombe zake zomwe. Hananiya ndi Safira nawonso inali nkhani ya ndalama, anagwa pompo wina ndi wina patangopita maola atatu. Achimwene inu munatsegula khomo mdani walowa, pakufunika mapemphero a mamasulidwe ndi kusala kudya banja lonse

Namwino wa usiku: Aaa ayi ayi ndikhululukireni koma apa sindikhala chete. Malungo amabwera ndi udzudzu. Nthawi ya dzinja wodi ya ana imadzaza mpaka awiri pabedi limodzi, muli ana a abusa, ana a mashehe, ana a anthu osapemphera, ana a azimayi oti sanabepo olo singano. Ndiye onsewo makolo awo anadya malata? Bambo inu chomwe ndingakuuzeni, mwana amalize mankhwala onse olo akuoneka kuti wachira, azigona mu neti tsiku lililonse, ndipo muziyang'ana m'manja ndi m'zikope ngati mukuyera chifukwa malungo aakulu amatha magazi, akangotentha thupi kapena kufooka thamangirani kuchipatala osadikira kuche. Ndipo mwana wodwala chonchi musamusalitse kudya chonde chonde

M'bale wa Pente: Anamwino inu mukuona za thupi. Nanga mwana wa Davide ndi Bateseba anafa ndi udzudzu?

Mkulu wa mpingo wopuma: Funso la m'bale wa Pente ndi lolemera tisalithawe, chifukwa nkhani ya Davide ndiyo yafanana kwambiri ndi ya mwana wathuyu. Pa 2 Samueli 12 Natani anamuphera Davide fanizo la kamwana ka nkhosa, Davide n'kupsa mtima n'kudziweruza yekha osadziwa, ati munthu ameneyo abweze kanayi. Atauzidwa kuti munthuyo ndiwe anavomera, ndachimwira Yehova. Ndipo tamvani bwino apa, Natani anayankha zinthu ziwiri mpweya umodzi, choyamba Yehova wachotsa tchimo lako sufa, chachiwiri mwanayo afa. Chikhululukiro ndi chotsatira cha tchimo zinatuluka pakamwa pamodzi. Mwana anafadi tsiku lachisanu ndi chiwiri, lupanga silinachoke m'nyumba mwake, Amnoni anagwirira Tamara, Abisalomu anapha Amnoni, kenako Abisalomu yemweyo kuthamangitsa bambo ake mu Yerusalemu. Ndiye zoti munthu akalapa zonse zimafufutika ngati choko pa bolodi, Baibulo silinatero. Koma pali pomwe ndikusiyana ndi m'bale wanga wa Pente. Davide anadziwa chifukwa cha imfa ya mwana wake chifukwa Mulungu anatuma mneneri kukamuuza. Mayi anabwera kuchipatala ndi basiketi uja anatumidwa ndi ndani? Anzake a Yobu anachita zomwezo, kuona zilonda basi n'kuyamba kuwerengera munthu machimo, ndipo pa Yobu 42 Mulungu anamuuza Elifazi kuti ndakukwiyira iwe ndi anzako awiri chifukwa simunanene zoona za ine. Kunamizira Mulungu kuti wachita chomwe sanakuuze nalonso ndi tchimo, ndipo ndi lomwe ife opemphera timalichita kwambiri osalilapa.

Mayi wa Mvano: Ameni abambo. Mayi ameneyo akanakhala wa gulu langa tikanakhala naye pansi. Kukazonda matenda timapita ndi phala ndi pemphero osati chigamulo

Mphunzitsi wa Sande sukulu: Ndionjezeko pang'ono. Ambiri timagwira Eksodo 20:5 ija ya kulanga ana chifukwa cha atate mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi, koma timasiya Ezekieli 18. Aisraeli anali ndi mwambi wawo woti atate adya mphesa zosapsa mano a ana ndiwo ayayamira, ndipo Mulungu anawaletsa kuti mwambi umenewu musadzaunenenso, moyo wochimwawo ndiwo udzafa, mwana sasenza mphulupulu ya atate wake. Deuteronomo 24:16 nayonso ikuti ana asaphedwe chifukwa cha atate. Chondiseketsa n'choti ife mwambi wathu unatembenuka, timati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma mfundo ndi imodzi, tonse timadziwa kuti wina akadya wina mimba imamupota. Zimenezo zimachitikadi, bambo akamamwa malipiro onse ana amagona ndi njala, apa ana akutchedwa a malata chifukwa cha bambo awo. Kumeneko ndi kupota kwa nkhuyu. Koma kupotedwa ndi mlandu wa wina sikutanthauza kuti Mulungu wakuika pa mlandu. Ndipo pa Yohane 9 ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani iyeyu kapena makolo ake, Yesu anati palibe mwa iwo

Kamnyamata ka kwaya: Aphunzitsi mavesi mukuchita kuwathira ngati mchere kkkk tikulemba sitikukwanitsa

Mlongo wa ku Chilobwe: Ine nkhani zoti tsoka lililonse ndi chilango zimandiwawa kuchokera pansi pa mtima. Freddy atabwera mu Malichi 2023 matope anatsika phiri la Soche usiku ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ine ndinapulumuka chifukwa nyumba yathu ili cha kumunsi mbali ina, koma oyandikana nafe amene tinkapita nawo ku mapemphero a m'bandakucha anapita iwo ndi ana awiri. Tili ku kampu pasukulu tikugona pa simenti kunabwera wina ndi chimkuzamawu ati Blantyre yalangidwa chifukwa cha chigololo ndi mowa. Ndinangotuluka panja ndikulira. Mabala ambiri mtauni anatsala ali chilili, amene anakokoloka ndi amphawi omanga m'mphepete mwa phiri chifukwa malo a bwino sangawakwanitse. Yesu pa Luka 13 ananena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, anafunsa kuti mukuyesa anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu? Anati iyayi. Koma sanalekere pomwepo anati mukapanda kulapa mudzaonongeka nonse, ndiye kuti kulapako akuuza ife otsala amene tikuloza chala

M'bale wa Pente: Mlongo pepani ndithu sindinafune kukutokosani chilonda. Koma ine ndikuopa kuti tikapeputsa zinthu anthu azingochimwa n'kumati chisomo chilipo. Aroma 6:23 mphotho ya uchimo ndi imfa, sanaifufute

Mlongo wa ku Chilobwe: Malizani vesiyo achimwene ili ndi mbali yachiwiri, ija yoti mphatso yaulere ya Mulungu ndi moyo wosatha

Wakabaza wa pa Lunzu: Kkkkk wagwidwa

Adimini: Yankho la mwini nkhani ili.

Mwini nkhani: Zikomo nonse. Mwana ali bwino wayamba kusewera, neti tinali nayo koma inali yobooka tasoka. Anamwino ndamva. Abambo mkulu wa mpingo mwandimasula pa nkhani ya mwana, mkazi wanga ndamuwerengera walira. M'bale wa Pente sindikukwiyirani, zina mwanenazo ndi zoona, anthu osalakwa anavutika chifukwa cha ine, anakhala pa mvula ndi iwo osati ine ndekha. Koma funso lachiwiri lija likadali. Ndikamapemphera ndimamva mtendere, ndikangolowa mu tchalitchi ndimamva ngati ndalembedwa pachipumi. Tsiku la Mgonero mbale imadutsa pamaso panga mkulu wonyamula amayang'ana kumbali. Ndiye ndimadzifunsa kuti kukhululukidwa kwanga kuli pati

Katekisiti: Ife kwathu ku Katolika timasiyanitsa zinthu ziwirizi, munthu ukalapa kwa ansembe umakhululukidwa pompo koma amakupatsabe zoti ukachite, ndipo ngati unaba amakuuza kuti ukabweze. Tinene mbuzi yanu yadula chingwe yadya chimanga cha mnzanu chili m'mawondo, mwapita mwagwada wakukhululukirani mpaka mwadyera limodzi nsima, kodi chimanga chija chimeranso chifukwa mwagwirana chanza? Chaka chimenecho nkhokwe yake ikhala yoperewera basi, ndipo akaona mbuzi yanu ikuyandikira munda atola mwala olo anakukhululukirani. Madzi akatayika saoleka. Taonani wachifwamba wa pa mtanda uja, anavomera yekha kuti ife tikulandira zoyenera zomwe tinachita, Yesu n'kumuuza kuti lero lomwe udzakhala nane m'Paradaiso, koma sanamutsitse pa mtandapo, misomali inakhalabe ndipo asilikali anabwera n'kumuthyola miyendo ngati mnzake uja. Munthu wokhululukidwa kotheratu ameneyo. Ndiye achimwene kukhululukidwa kwanu musakufune pa nkhope za anthu a mu tchalitchi, amenewo akadali ndi fungo la mabenchi onyowa m'mphuno

Achemwali a ku Mangalande: Ine ndinene zosakoma. Bamboyu ndikumumvera chisoni koma tinene zoona wapepukidwa. Ndinakulira mu mpingo, mtsikana akatenga mimba ankamuimika kutsogolo anthu onse akuona, kumudula, mwana wake ubatizo kuchedwa, pomwe mnyamata wopereka mimbayo ali phee ku benchi ya kwaya akuimba besi. Wodya ndalama ngati ali ndi dzina nkhani imathera ku vesitile. Yohane 8 yomwe ija anagwira mkazi yekha ngati chigololo amachita munthu m'modzi, chonsecho Levitiko 20:10 imati onse awiri. Ndiye tikamakamba zotsatira za tchimo tizifunsanso kuti ndi ziti zochokera kwa Mulungu ndi ziti zomwe timagawa ife mokondera. Ngati apa mkazi wa bamboyu walakwa chani kuti azimulanda mbale? Anapita nawo ku Limbe?

Kamnyamata ka kwaya: Achemwali besi yalakwanji kodi ife tikungoimba

Achemwali a ku Mangalande: Iwe khala chete ndikukudziwa kkkk

Mayi wa Mvano: Zomwe anena achemwali ndi zoona ndipo ife azimayi ndife timazunza mzimayi mnzathu kwambiri, ndavomera. Koma ndiyankhuleko ngati munthu amene ndimasonkha. Ine ndimagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, K2,000 yomwe ndimaponya ku chitukuko ndimakhala ndadzuka 3 koloko utsi uli m'maso. Ndikamva kuti wina anakaodera kaunjika mtima umawawa abale, kukhululuka ndimakhululuka chifukwa Ambuye analamula koma kuti mawa ndimupatsenso thumba ayi ndinama. Ndipo achimwene chomwe chinakugwetsani si umbava weniweni, ndi kamawu kaja koti ndibweza. Sauli naye sanati ndikuba, anauzidwa kuti aononge zonse za Amaleki iye n'kusunga mfumu Agagi ndi nkhosa zonenepa ati tikapereke nsembe kwa Yehova, chifukwa chomveka bwino ndithu. Samueli anangofunsa kuti nanga kulira kwa nkhosa ndikumvaku n'kwa chani, n'kumuuza kuti kumvera kuposa nsembe. Ufumu unapita choncho. Tonsefe tili ndi tinkhosa tomwe tikulira kuseri tomwe tinasunga ndi chifukwa chabwino

Mkulu wa mpingo wopuma: Mayi mwalasa. Tsono mwana wanga mwini nkhani, ndikufunse chinthu chimodzi usandiyankhe pagulu ngati sufuna. K600,000 ija pa tsiku lomwe unaitenga ikanagula malata angati, ndipo K600,000 yomwe ukubwezayi igula angati? Chifukwa anthu aja sanasonkhe makwacha, anasonkha denga. Pa Levitiko 6 lamulo la munthu amene wadya chinthu chomwe anamusungitsa linali loti abweze chonse aonjezepo gawo limodzi la magawo asanu, apereke kwa mwini wake, ndiyeno abwere ndi nkhosa ya nsembe. Kubweza kunkayenda limodzi ndi nsembe. Zakeyu sanauzidwe ndi munthu, anaimirira yekha nati theka la chuma changa kwa osauka ndipo amene ndinamulanda ndimubwezera kanayi. Ine ndakhala m'mabwalo a mpingo zaka zambiri, ndaona kuti anthu sakhulupirira misozi, misozi aliyense ali nayo, amakhulupirira akaona munthu akuchita chomwe sanakakamizidwe.

Wa ku Joni: Mmm abambo apa ndiye ndikukanani mwaulemu. Munthu akulipira kale movutika, bwalo linagamula 600 iye akumvera, inu mukumuonjezera 20 peresenti ngati banki m'khonde? Chikhululukiro cha chiwongoladzanja chimenecho ndi katapila. Kugwa kwa kwacha sanapangitse ndi iyeyu. Komanso tili m'chipangano chatsopano, Levitiko yomweyo tikaitsata yonse ndiye tisiyenso nkhumba ndi milamba. Ndipo kubweza pakokha sikupulumutsa munthu, Yudasi anali msungichuma naye ankatapa m'thumba, ndalama 30 zasiliva zija anakabweza zonse mpaka kuziponya mu kachisi koma anathera pa chingwe. Petro sanabweze kanthu anangolira basi ndipo ndi amene anapatsidwa nkhosa kuti adyetse. Tisamusenzetse munthu katundu woti akadzalephera adzaganize kuti Mulungu wamutaya

Mkulu wa mpingo wopuma: Mwana wanga wa ku Joni wanena bwino ndipo za Yudasi ndavomera kwathunthu, anabwerera kwa ansembe koma sanabwerere kwa Yesu. Ine sindikuti agule chikhululukiro, chimenecho sichigulidwa olo ndi malata 1,000, anachilandira kale usiku uja anagogoda kwa abusa. Ndikunena za m'bale ndi abale ake. Mateyu 5 ikuti ukafika ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo uyambe wakayanjana naye. Ngati sangathe asadzikakamize, Mulungu sayeza ndi sikelo ya kumsika. Koma kugwa kwa kwacha kukanapeza ndalama ili m'thumba komiti ikanathamanga sabata yomweyo kukagula.

Wa ku Joni: Apo pomalizapo ndagonja pang'ono. Pang'ono

Namwino wa usiku: Komanso mpingo nawo uli ndi mbali yake, mumasungitsa bwanji ndalama zonsezo munthu m'modzi kunyumba? Kumeneko ndi kuika nyama pamphuno pa galu kenako n'kumadabwa. Pepani achimwene sindikuti ndinu galu

Mphunzitsi wa Sande sukulu: Zoona anamwino. Paulo yemwe pa 2 Akorinto 8 potumiza zopereka za ku Yerusalemu sanafune kunyamula yekha, panali Tito ndi abale ena osankhidwa ndi mipingo, ati kuti wina asatinene pa chuma chimenechi. Ngati mtumwi ankafuna mboni kuli bwanji ife. Akaunti ku banki osayinira atatu, lipoti kuwerengedwa kutsogolo mwezi ndi mwezi, malisiti kumata pa bolodi. Koma kumudzi ukangonena zimenezi amati ulibe chikhulupiriro mwa atumiki a Mulungu

Kamnyamata ka kwaya: Funso lozama tsopano osaseka. Akamaliza kubweza adzamubwezera udindo? Chifukwa Petro anabwezeredwa koma Mose anangomenya thanthwe m'malo molankhula nalo basi Kanani anangomuonera patali ali pa phiri la Nebo, zaka 40 akuvutika ndi anthu odandaula aja. Ine nkhani ya Mose imandiopsa kuposa ya Akani

Katekisiti: Imaopsadi, makamaka kwa ife oima kutsogolo. Koma Mose yemweyo ukamupeza pa phiri lija Yesu anawala ali ndi Eliya akucheza ndi Ambuye, ndiye kuti khomo la Kanani linatsekedwa koma Mulungu sanamutaye

Mkulu wa mpingo wopuma: Ku Mgonero abwerere ndithu ndipo asachedwetsedwe, gome lija si la anthu oyera ndi la okhululukidwa. Pa 2 Akorinto 2 Paulo anawauza za munthu amene anamulanga kuti chilango chakwana, tsopano mukhululukireni ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka. Mipingo yathu kudula timadziwa koma kubweza timaiwala, munthu amakhala kumbuyo zaka mpaka amangosiya kubwera kenako timati anali wosalapa. Koma thumba la ndalama ayi, ine ndikanakhala pa bwalo limenelo sindikanamupatsa, osati chifukwa chomuda koma munthu amene anathyokapo mwendo sumutuma kukwera denga mawa lake. Ntchito mu mpingo ndi zambiri.

M'bale wa Pente: Apa ndiye tagwirizana abambo. Ine ndikhala ndikumupempherera m'baleyu ndi mwana yemwe, ndipo za kusala ndimanena akuluakulu osati mwana anamwino musandimange

Namwino wa usiku: Kkkk mwapulumuka

Achemwali a ku Mangalande: Koma za mkazi wake palibe wandiyankha. Abusa ake akuyenera kuyankhulapo pa guwa, osatchula dzina koma anthu amve

Mayi wa Mvano: Zimenezo zisachite kufika pa guwa achemwali zikula, amayi abusa aitane atsogoleri a amayi awiri atatu akambirane, sabata yotsatira mbale aipereke m'manja mwake anthu onse akuona basi nkhani yatha. Azimayi timamva ndi maso

Adimini: Mwini nkhani watumizanso.

Mwini nkhani: Abambo funso lanu ndiyankha pagulu pompano. Nthawi imeneyo tinafunsa mtengo, ndalama ndinatengayo inali ya malata pafupifupi 40 a geji 28. Pano sindikudziwa ngati ingakwane ndi 25 omwe. Chilungamo chake ndimadziwa zimenezi kuyambira kale koma ndimazikankhira kumbali, ndimangowerenga kuti yatsala miyezi 5 ndimasuke. Mbali ya kumbuyo kwa tchalitchi mpaka lero ikadali ndi lona ndipo ine ndi amene ndimakhala kumbuyoko ndiye ndimaiona Lamulungu lililonse ikupupuma ndi mphepo. Achimwene a ku Joni zikomo pondiikira kumbuyo, ndalama yoonjezera pano ndilibe zoona, koma manja ndili nawo ndinaphunzirako ukalipentala, ndikawauza a komiti kuti pokhoma denga asalembe munthu wa ganyu mbali yotsalayo ndikhoma ndine ulere, ndipo ndikamaliza 150 ija ndizigula lata limodzi limodzi ndikapeza. Chinanso chomwe sindinanene, kwa ana a gogo uja sindinapiteko. Pamaso pa bwalo ndinaima, pamaso pa mpingo ndinaima, koma pakhomo paja ndimachita kulambalala kudzera njira ya kudambo. Mwana wawo wamkulu ndi amene anakoka mbuzi ija kupita nayo kumsika. Sindikudziwa ndikanena chani

Mayi wa Mvano: Musapite nokha, tengani mkulu wa mpingo m'modzi amene amagwirizana nawo ndipo muyambe mwatumiza mawu kuti mukubwera, osangotulukira. Mkazi wanu asapite nawo ulendo woyambawu wasenza zokwanira

Wa ku Joni: Ndipo akakakulalatirani mukangokhala chete osayamba kufotokoza za mabelo ndi kwacha

Katekisiti: Mwina sakakulandirani tsiku loyamba, konzekeranitu zimenezo

Mwini nkhani: Ndamva. Ndiyesa Loweruka likubwerali ndikachoka kumunda. Popita ndinyamule kanthu kapena zioneka ngati ndikukagula anthu?

Mayi wa Mvano: Nkhuku imodzi si chiphuphu, koma muipereke potsanzika osati pofika

Wakabaza wa pa Lunzu: Adimini mundipatse nambala yawo kumbali ngati avomera. Ndili ndi malata atatu anatsala pomwe ndimafolera khitchini angokhala kuseri kwa nyumba akuchita dzimbiri, koma ndi a mafiti 8 afunse kaye a komiti ngati angalowe